Mchere wa m'Phala la Amayi Ako

Armando mwana wanga,

Alendo a ukwati amwazikana, mabenchi a ku gereja abwezedwa, pabwalo patsala mapazi okhaokha. Ndakhala pakhonde dzuwa likadalipo kuti ndikulembere, chifukwa mawa pokwera shapa, kabasi ka ku Tete, padzakhala phokoso la katundu ndi kutsazikana, ndipo ukundidziwa kuti pagulu mawu amandithawa. Pamene ndakhalapa ndikuwaona amayi ako akupita kukhola la nkhuku okha, ndodo aiiwala pakhomo. Dzulo anavina. Mwendo wamanzere unkatsalira, koma anavina, ine n'kutembenukira kukhoma ngati ndikufuna chinthu, kuopa kuti anthu angaone nkhope yanga. Chaka chatha nyengo ngati ino sindinkadziwa ngati adzauona ukwati wako. Mtima wanga wakhala pansi tsopano.

Ankhoswe akulangiza zambiri, ndipo sindibwereza. Langa ndi limodzi. Tsiku lina mkazi wako Selestina adzadwala. Sindikulosera zoipa, thupi ndi thupi basi. Tsiku limenelo wina adzamufunsa, kaya ndi wa kuchipatala kaya ndi mbale wake, kuti, "Akudwazike ndani?" Ndikufuna adzatchule iwe, ndipo adzatchule ndi mtima wonse, osati pochita manyazi kuti waima pafupi. Usaganize kuti mphete ya dzulo yakupezera kale yankho limenelo. Ine linanditengera unyamata wanga wonse ndi imvi zoyamba.

Ndiyambe ndi matenda anga. Iwe usanabadwe, nditangoyamba kumene kuphunzitsa, ndinagwidwa ndi matenda a m'mimba amene anandisiya mafupa okhaokha. Amayi ako ankachapa zovala zanga anthu asanadzuke, kuti pasapezeke mwana wa sikola wonena kuti anaona zimene purofesolo wachita m'thalauza. Ankandinyamula m'khwapa kupita nane kuseri. Palibe anandifunsa kuti andidwazike ndani, ndipo akanandifunsa ndikanaseka, chifukwa kwa ine funsolo linalibe mutu: mkazi alipo, nanga tifunsirenji? Nditachira ndinakathokoza Mulungu ku gereja, ndinapereka nkhuku kwa amene anandibaya jekeseni, koma amayi ako sindinawauze kanthu. Ndinkawaona ngati dzanja langa lomwe, ndipo munthu sathokoza dzanja lake. Mwana wanga, iwenso udzadwala, ndipo Selestina adzagwada pambali pako osadikira kuitanidwa, chifukwa ndi mmene anamulerera. Usadzanamizike kuti kugwadako ndi umboni wakuti banja lanu lili bwino. Akazi ambiri amadwazika amuna amene sanasekepo nawo chikwatirane. Udzamuyang'ane m'maso, udzathokoze.

Ukadzapita pachipatala cha ku Chifunde udzaone wekha. Ku mbali ya amuna, pafupi ndi bedi lililonse pakhala mkazi wa mwini bedi. Ku mbali ya akazi pakhala achemwali, amayi, ana aakazi. Amuna awo ali panja pamthunzi, atsamira njinga, akukambirana za mtengo wa feteleza. Ndinakhalapo pamthunzi umenewo, ndipo ndikuuze, ndi wozizira bwino.

Ndinakhalapo iwe uli wakhanda. Bere la amayi ako linatupa, thupi n'kutentha ngati mbaula. Ndinachita zonse zimene mwamuna wabwino amachita kwathu kuno. Ndinatumiza mawu kwa atsibweni ako a Fulansisko, poti mwini mbumba sauzidwa mochedwa. Ndinawakweza panjinga amayi ako, iwe uli kumbuyo kwawo. Ndinagula sopo ndi shuga. Titafika, enferimeira, namwino wa pamenepo, anafunsa kuti, "Mayi, atsale nanu ndani?" Ine ndinali chiimire kumbuyo kwawo, thumba lili m'manja. Amayi ako sanatembenuke n'komwe. Anati, "Achemwali anga a Veronika akubwera." Kodi ukuganiza kuti zinandipweteka? Ayi. Ndinapuma ngati munthu amene watula mtolo, n'kupita pamthunzi paja.

Mawa lake a Veronika anandituma kunyumba kuti ndikatenge zovala zosinthira. Ndinatsegula dengu la amayi ako ngati mlendo, osadziwa chovala chogonera ndi chiti, chakumunda ndi chiti. Ndinasankha chimene chinkaoneka choyera ndi chopindidwa bwino. Chinali kapulana, nsalu ya bungwe la amayi a ku gereja, ija amavala pamaliro. Amayi ako aakulu a Veronika anaitambasula pamaso pa chipinda chonse.

"Alamu, mwabwera kudzaona wodwala kapena kudzamuika?"

Akazi onse anaseka mpaka wina anagwira bala lake. Amayi ako okha sanaseke. Anati, "Asiyeni, sangadziwe." Mawu amenewo anawanena mondikhululukira, koma anandikhala pamtima kuposa kuseka kwa enawo. Sangadziwe. Ndinali nditagona nawo mphasa imodzi zaka zingapo, ndipo iwo anali atavomereza kale kuti sindingadziwe. Armando, dziwa dengu la mkazi wako. Dziwa chimene amafuna kudya mutu ukamamupweteka, mbali imene amagonera, munthu amene safuna kuti amuone ali wofooka. Zimenezi sizilembedwa paliponse, ndipo tsiku la matenda si tsiku lozifunsa.

Kenako ananditumiza kukaphunzitsa ku Chifunde, amayi ako n'kutsala kuno ku Mualadzi ndi munda ndi iwe. Ndinkabwera ndikapeza mpata, ndi pa feriya, sikola ikatsekera. Ndinkaopa kuti kutalikirana kutimaliza, koma kunachita zina. Poti nthawi inali yochepa, tinayamba kuigwiritsa ntchito. Pobwerera ankandiperekeza mpaka pamlatho, ine ndikukankha njinga, ndipo panjira imeneyo anayamba kundiuza zinthu zimene sankanena m'nyumba: kuti msana umawapweteka akapalira, kuti nthawi zina mtima umathamanga popanda chifukwa, kuti amaopa kudzafa ngati amayi awo, mwadzidzidzi, khasu lili m'manja. Ine poti ndine mphunzitsi, dandaulo lililonse ndinkaliyankha ngati funso la m'kalasi. "Pitani kuchipatala. Muchepetse ntchito. Muzimwa madzi." Tsiku lina anaima pakati pa njira.

"Bambo a Armando, njira ya kuchipatala ndikuidziwa. Sindinakufunseni njira."

"Nanga mukufuna nditani?"

"Muime kaye. Njingayo sikuthawani."

Ndinaima. Sindinanene kanthu chifukwa ndinalibe chonena, ndipo zinapezeka kuti ndi zimene ankafuna. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kukhala chete pafupi nawo, kenako ndinaphunzira kuwatikita msana ndi mafuta chitseko chili chotseka, ndikuchita manyazi ngati wakuba. Iwe uli ndi pakamwa ngati panga. Selestina akadzakuuza kuti penapake pakupweteka, usathamangire kumuuza zochita. Yamba wamva. Mkazi amene waona kuti mutu wake ukamapweteka mwamuna amatopa naye, sadzamuitana pa matenda aakulu. Amayeza ndi zazing'ono.

Tsopano ndikuuze za chaka chatha, zimene sunazione. Iwe unabwera kuchipatala, unawaona amayi ako atagona ndi soro, botolo la madzi lija, pamkono, pakamwa patapotoka, ndipo unabwerera kuntchito titakuuza kuti zoopsa zapita. Madokotala anati ndi tromboze, nthenda yopha ziwalo, yobwera ndi kuthamanga kwa magazi. Anatitulutsa mkono ndi mwendo wamanzere zili zakufa, lilime lili lolemera, mawu akutuluka limodzilimodzi. Ine ndinapempha tchuthi ku sikola kuti ndikhale nawo.

Titafika kunyumba tinapeza mbumba yonse ikutidikira. Atawagoneka amayi ako pamphasa m'chipinda, atsibweni ako anandiitanira pakhonde lomwe lino, a Veronika atakhala pakhomo kuti azimva za mkati ndi za kunja. Atsibweni ako ndi munthu wofatsa, ndipo anazungulira nthawi yaitali asanafike pa nkhani.

"Alamu, mwagwira ntchito, tathokoza. Tsopano mupume. Wodwalayu timutengera kwa achemwali ake, akamusamalire kumeneko."

Ndinati, "Nyumba yake ndi ino."

A Veronika sanazungulire. "Inu mumakhala ku Chifunde, alamu. Ife sitidziwa kumene mumagona. Munthu wodwala chonchi sakhudzidwa ndi wotentha, ndipo mchere samuthirira wotentha. Tikufuna tiike mdulo pamwamba pa matenda?"

Ukudziwa mwambo umenewu ngakhale unakulira m'kalasi: kuti mwamuna amene wayenda ndi mkazi wina akathira mchere m'chakudya cha wodwala, kapena kumugwira, amamudula, wodwalayo n'kutupa mpaka kufa. Sankandinena kuti ndachita kanthu. Ankangoti sangadziwe, ndipo pa moyo wa mbale wawo sankafuna kuyesa. Lero ndikumvetsa. Tsiku limenelo sindinamvetse. Magazi anandikwera, ndinayamba kuwaphunzitsa za mitsempha ya m'mutu, za zimene adokotala ananena, za zimene apadiri amalalikira ku gereja. Ndinkalankhula Chiputukizi chambiri kuposa Chichewa. Pamene ndinkakweza mawu, nkhope zawo zinkauma, chifukwa kwa iwo munthu wokalipa chonchi ndiye kuti pali chimene akubisa. Atsibweni ako anangoti, "Alamu, sukulu yanu sitikuikana. Koma chibale ndi fupa." Ndinaona kuti ndaluza. Anyamata anali atapita kale kukabwereka ngolo yoti iwanyamule.

Podikira ngoloyo a Veronika anaphika phala kuti wodwala asanyamuke ndi njala. Analowa nalo, kambale ka mchere kali pambali, poti kuchipatala anatiuza kuti mchere uzikhala wapachala chabe, ndipo ankafuna kuthira okha pamaso pa onse. Ine ndinaima pachitseko, osaloledwa kupitirira. Amayi ako anali atamva zonse kudzera pakhomalo. A Veronika atatambasula dzanja kuti atsine mchere, amayi ako anakoka kambale kaja ndi dzanja lamoyo lija, n'kukakankhira pansi cha kumene ndinaima ine. Kanagubuduka, mchere wina n'kutayika.

"Iwe, ukutani?" anatero a Veronika.

Amayi ako analimbana ndi lilime lawo nthawi yaitali. Tonse tinadikira.

"Athire... awo."

"Mutu sukuyenda uyu. Tsegula pakamwa, udye."

Anatseka pakamwa, n'kuyang'ana kukhoma. A Veronika anayesa ndi supuni, anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa. Amayi ako ukuwadziwa akakana chinthu. Pomaliza atsibweni ako analowa, anagwada pafupi, n'kufunsa pang'onopang'ono kuti, "Mlongo wanga, ukudziwa chimene ukunena? Ukuwavomereza alamuwa?" Amayi ako anagwedeza mutu movomera, n'kubwereza mawu aja, ulendo uno momveka bwino.

Atsibweni ako anadzuka, anatola kambale kaja n'kundipatsa m'manja. "Mwini thupi wanena."

"Ukatupa usadzatitchule," anatero a Veronika, koma anasuntha kundipatsa malo.

Ndinathira mchere wochuluka kuposa umene adokotala akanalola. Amayi ako anadya phala lonse osakwinya nkhope. Patapita miyezi, lilime litamasuka, anandiuza kuti chibadwire sanadyepo phala loipa ngati limenelo, ndipo kuti akanafa tsiku limenelo sukanakhala mdulo ayi, ukanakhala mchere wanga basi.

Mwana wanga, taganiza chimene anachita mayi ameneyu. Pamaso pa abale ake onse, ali ndi theka la thupi ndi mawu awiri okha, anaika moyo wake pa dzina langa. Iwo amaukhulupirira mdulo, usaganize kuti saukhulupirira. Amapita ku gereja, koma anakulira m'manja mwa anamkungwi omwewo amene analera a Veronika. Sanakane mwambo. Ananena kuti akundidziwa. Ngolo inafika, n'kubwerera yopanda kanthu.

Zotsatira zake sizinali zokoma, ndisakunamize. Kudwazika ndi fungo, ndi tulo todukaduka, ndi kukwiyiridwa ndi munthu amene ukumuthandiza. Ndinawasambitsa, ndinawanyamula kupita kuseri monga anandinyamulira kale, ndinachapa zofunda. Ndikapita kumjigo ndi ndowa, amuna a pamsika ankakuwa kuti, "Purofesolo, mawa mubwere mutavala kapulana!" Ine ndinkayankha kuti, "Ndibwerekeni ya akazi anu, ngati mukudziwa pamene amaisunga." Tsiku lina amayi ako anandiponyera kapu chifukwa sindinamve chimene ankanena, ndipo ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka mtima unatsika. Udzatopa, Armando. Kutopa si tchimo. Tuluka, upume, ubwerere.

Ndipo usadzanyoze abale a mkazi wako. A Veronika anakhala masiku osandilankhula, akubwera m'mawa uliwonse kudzayang'ana mapazi a m'bale wawo ngati ayamba kutupa. Ataona kuti sakutupa, tsiku lina anandipeza ndikulimbana ndi kuwatembenuza amayi ako, ndikukoka mkono wakufa uja.

"Alamu, mumuthyola munthuyo. Si thumba la chimanga ayi. Tasunthani ndikuonetseni."

Anandionetsa poika bondo, pogwira phewa, ndi kamangidwe ka mpango kuti usamasuke pogona. Kuyambira pamenepo tinkalandirana: iwo masana, ine usiku ndi m'mawa. Popanda iwo ndikanagwa. Dzulo unawaona akundikokera m'bwalo kuti ndivine, akundinena kuti miyendo yanga ndi ya dzombe. Mkazi wako akadzasankha iwe, si ndiye kuti wataya abale ake. Uziwauza msanga, uziwatsegulira khomo, ndipo akadzakukayikira usadzachite zanga zija zokalipa m'Chiputukizi.

Amayi ako atayamba kuyenda ndi ndodo ndinawafunsa chifukwa chake anachita zimene zija. Ndinkayembekeza mawu okoma, ndikuvomera. Anaganiza kaye, n'kunena kuti, "Kwa achemwali ndikanayenera kulimba. Akandiona ndikulira nawonso amalira, ndiye ndimayamba kuwatonthoza ineyo. Kwa inu manyazi ndinasiya kalekale, pamlatho paja." Kenako anawonjezera, osandiyang'ana, kuti, "Koma nthawi ya bere ija, ngakhale akanandikakamiza, sindikanakutchulani." Ndinafunsa ngati ndinali woipa chotero. Anati, "Simunali woipa. Munali mlendo waulemu."

Usakhale mlendo waulemu m'nyumba mwako, mwana wanga. Ku Tete kumene mukupita Selestina alibe wake wonga a Veronika. Amayi ake ali kuno, ndipo mvula ikagwa msewu wathu ukuudziwa. Akadzadwala kumeneko adzakhala ndi iwe, afune asafune. Chimene ndikuopa n'chakuti angadzakhale nawe poti palibenso wina, akubisa ululu, akudzikoka kupita kubafa yekha kuti usamuone, akulira mwakachetechete kufuna amayi ake iwe uli m'chipinda chomwecho. Zimenezo zimachitika m'nyumba zambiri zooneka bwino. Ndipo tsiku lina akadzanena kuti akufuna amayi ake, usadzatupe mtima. Katenge amayi akewo, uwalipirire ulendo, koma iwe usapite pamthunzi. Khala pafupi, tunga madzi, funsa chimene ungachite, kuti ulendo winawo adzakumbukire kuti unalipo.

Dzuwa lapendeka ndipo amayi ako akundiitana kuti ndikawathandize kutseka nkhuku, ndiye ndimalize ndi nkhani ya mawa. Selestina sanayendepo ulendo wautali pagalimoto ndi iwe. Lero m'mawa, akutsuka mbale za ukwati, anawanong'oneza amayi ako kuti galimoto imamuzunguza mutu ndipo amasanza, kuyambira ali mwana. Akuti usiku sanagone poganiza kuti tsiku loyamba lenileni la banja mwamuna wake adzamuona ali chomwecho pakati pa anthu. Wakonza zoti asadye kanthu m'mawa, akhale kumbuyo kutali nawe, anamizire kuti akufuna kuyang'anira katundu. Amayi ako amukonzera ndimu, kansalu konyowetsa ndi timapepala ta pulasitiki. Atamanga kamtoloko anaima nako pakhomo la chipinda chake, kenako anabwerera n'kundipatsa ine, nati, "Kapatseni mwana wanuyo. Ayambire pamenepa."

Ndakaika m'thumba lam'mbali la chikwama chako. Umukhazike pawindo, iwe ukhale pambali pake. Zikayamba usayang'ane kumbali, usaseke, ndipo usamuuze kuti akanayenera kutani. Mugwirire pepalalo, umupukute pakamwa, anthu akayang'ana ayang'ane. Mukakafika mutiimbire.

Muyende ndi Mulungu nonse awiri.

Ndine bambo ako, amene ndinachedwa kuphunzira koma ndinapeza nthawi ikadalipo,

Zakariya Phiri